Benchi ya Kukhoma

"Mwana wobala nokha, inu, mpaka kumufikitsa kukhoma?"

"Sindinamufikitse ine. Amufikitsa ndi malikisi ake."

Mzime anaima pakhomo chikwama chikadali paphewa. Anali atangotsika basi, koma m'nyumbamo munalibe wa mpata womulonjera. Achemwali ake, atelala, anali chilili pafupi ndi makina osokera, sizasi ili m'manja. Alamu ake anali pampando akupukuta nsapato yowala kale. Iwowa anali mphunzitsi wa fizikisi pasekondale ya kuseri kwa msika, ndipo ana a sukulu ankawatchula kuti a Sikelo, chifukwa pa dandaulo lililonse yankho lawo linali limodzi: sikelo sinama.

"Lamulo la m'labu mwanga alidziwa aliyense," a Sikelo anapitiriza. "Mayeso akatha, wokhoza kwambiri akhala benchi ya kutsogolo, wotsatira pambuyo pake, mpaka wotsiriza kukhoma. Mpando amaugwirira ntchito."

"Adokotala anati chiyani? Sanati magalasi afika pomwe angathe, chotsala n'kumuyandikiza mwanayu kubolodi?"

"Adokotala amalamula kuchipatala."

"Ndiye munthu wosaona bolodi akhoza bwanji?"

"Alimbikire."

"Alimbikire kuona?"

"Mayi, ndikamunyamula n'kumuika kutsogolo, tauni yonse idzati chiyani? Kuti sikelo yapendekera kwa mwana wake. Ine lamulo ndili nalo limodzi, la mwana wanga ndi la mwana wa wogulitsa makala. Chilungamo n'chimenecho."

Mwana wokambidwayo anali pansi pakona, akulumikiza waya wa ayironi ya amayi ake, nkhope itatsala pang'ono kukhudza pulagi. Chilichonse ankachiona motero, n'chifukwa chake kuyambira ali wamng'ono ankamuti Kamphuno. Anamangitsa kasikuluwu komaliza, n'kukankhira magalasi ake okhuthala m'mwamba.

"Musatukwanizane chifukwa cha ine," anatero. "Teremu ikamayamba amatifunsa amene akupitiriza fizikisi. Ine ndikalowa kalasi inayo. Khoma lipume."

"Wamva?" atelala analoza mwamuna wawo ndi sizasi. "Mwana amene amakonza chilichonse cha magetsi m'nyumba muno!"

"Akasiya ndiye kuti sanali wa fizikisi." Apa m'pamene a Sikelo anatembenukira kukhomo. "Aa, alamu, mwafika? Ndamva mwabwera kudzatiphunzitsa kuphunzitsa. Masiku ano dzira likulangiza nkhuku kufungatira."

"Ndafika, alamu," Mzime anayankha mwaulemu, n'kutsitsa chikwama.

Zinali zoona. Pa tchuthi chimenecho aphunzitsi a fizikisi a m'sukulu zozungulira anaitanidwa ku maphunziro a milungu ingapo, a mmene angaphunzitsire popanda kusiya mwana wina m'mbuyo, kaya wamkazi, kaya wosaona bwino, kaya wosamva bwino. Wotsogolera anali Mzime, ndipo malo ake anali labu ya a Sikelo yomweyo.

Khoma limenelo Mzime ankalidziwa ndi msana wake. Linali lozizira, ndipo laimu wake ankatsalira pa yunifolomu kuti aliyense panjira adziwe pomwe umakhala. Anafikako atalemba mayeso oyamba thupi likunjenjemera ndi malungo, ndipo sanachokekonso mpaka anakabwereza kalasi kusukulu ina. Zaka zinapita, mphunzitsi wake uja, a Sikelo omwewa, anakwatira achemwali ake, Mzime anamwetulira pa zithunzi zonse za ukwati. Koma fisi akatola fupa sadyera pomwepo.

M'mawa mwake fupalo linadzibweretsa lokha. Mzime anali pakhonde akumwa tiyi pomwe a Sikelo ankabwera kuchokera kumsika. Pakhondepo panali chidole choyezera zovala, atachiveka diresi ya kasitomala. Atafika pakati pa bwalo, a Sikelo anavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

Chidole chinangoti duu. Iwo anayandikira, anaima, anatsokomola, n'kuyamba kukupiza chipewa ngati akumva kutentha.

Mzime sanaseke. Munthu wa fizikisi sakhulupirira zotsatira za ulendo umodzi. Madzulo anawafunsa nthawi. A Sikelo anadzuka, anapita pa wotchi ya pakhoma, anaiwongola ngakhale inali yowongoka, kenaka anamuuza nthawi. Tsiku lina anawalozera chikwangwani cha tsidya la msewu, iwo anati alibe nthawi yowerenga zamalonda.

Mzime anakhala pabedi akuseweretsa funso ngati mwana woseweretsa mwala wosalala. Munthu amene moyo wake wonse bolodi waliona ali nalo mphuno ndi mphuno, choko chili m'manja, angadziwe bwanji kuti maso ake anatha? Yankho lake linamusangalatsa kwambiri moti anagona akumwetulira.

Labuyo sinasinthe. Chinali chipinda chachitali ngati basi, mabenchi olemera okhala ndi masinki ouma, kabati ya mabatire ndi mawaya, ndi bolodi lotha utoto lomwe linkanyezimira dzuwa likapendeka. Aphunzitsi anadzaza mabenchi. A Sikelo anasankha ya pakati, chifukwa akuluakulu sathamangira kutsogolo ngati ana olandira maswiti.

M'mawa wonse Mzime anagwira ntchito yomwe anamutumira, ndipo anaigwira bwino. Anawagawa m'magulu, anawapatsa babu, batire ndi mawaya, kenaka anawauza kuti aime.

"Taonani manja. Wagwira waya ndani? Wagwira cholembera ndani?"

Pagulu lililonse lokhala ndi mayi, cholembera chinali ndi mayiyo.

"Amayi ali ndi dzanja labwino," anatero mphunzitsi wina wachinyamata, amene anzake ankamuti Batire chifukwa sankatopa kuyankhula. Nayenso anadutsa m'manja mwa a Sikelo, koma iye anali wa benchi ya kutsogolo.

"Dzanja labwino limenelo likakumana ndi waya koyamba tsiku la mayeso, babu imayaka?" Mzime anafunsa. "Sinthanani."

Anakamba zonena mokweza zomwe ukulemba pabolodi, zodikira pang'ono usanaloze wokweza dzanja, zofunsa mwana yekha chomwe chikumulepheretsa. A Sikelo ankangoyang'ana kudenga. Itakwana nthawi ya masana, Mzime anapukuta manja n'kusintha mawu, kuwapaka uchi.

"Pali njira ina yomwe sili m'mabuku athu, koma yatchuka kuno. Mipando kutsata malikisi. Mwini wake tili naye pano. Sala, tatiuzeni ubwino wake."

A Sikelo anadzuka, anakonza tayi. Anayankhula kwa nthawi. Anati njirayo ilibe tsankho, siyang'ana nkhope, imadzutsa waulesi, ndipo amene ali kukhoma amadziwa yekha chomwe chamufikitsako. Ena anawomba m'manja. Anapezeka angapo amene anatengera njirayo kusukulu zawo.

"Zamveka bwino," anatero Mzime. "Koma ife ndi anthu a fizikisi, sitivomera chinthu tisanachiyese. Bwanji tiziyesa pa ife tomwe? Masana aliwonse mafunso pabolodi, m'mawa mipando itsata malikisi. Tichita ndendende mmene amachitira mwini wake. Kapena sala muli ndi mantha?"

"Mantha? Ine fizikisi ndinayamba kuphunzitsa ambiri a inu musanamere mano."

"Ndiye benchi ya kutsogolo yapita kale," anatero Batire, anthu n'kuseka.

Mzime anatenga choko. Dzanja la a Sikelo analiphunzira ali mtsikana, polifinyira maso chaka chathunthu: tizilembo tating'ono, taukhondo, toima ngati asilikali. Analemba choncho, osatulutsa mawu, nkhope ili kubolodi. Atamaliza anadikira pang'ono, n'kufufuta funso loyamba kuti alembe lina, monga ankachitira mwini wake.

Fizikisi yake inali yosavuta. Koma kuchokera pa benchi ya pakati, tinambala ta pa chithunzi cha mawaya tinkafanana ngati mapasa. M'mawa mwake a Sikelo anabwerera m'mbuyo benchi imodzi.

"Ndinkangoyesa madzi," anauza woyandikana naye.

Benchi yatsopanoyo inali pomwe kunyezimira kwa bolodi kumayambira. Anabwereranso. Pobwerera anaona zochepa, poona zochepa anabwereranso. Mzime ankakonda kukongola kwa makinawa: sankafuna mafuta, sankafuna woyendetsa, ankangodzidyetsa okha. Sabata isanathe bwino, Batire anali kutsogolo akutembenuka kawirikawiri.

"Sala, kumeneko nyengo ili bwanji? Mvula yayamba?"

"Ana amasiku ano," a Sikelo anang'ung'udza. Koma dzanja sanakweze, ndipo sanadandaule. Akanadandaula kwa ndani, lamulo lili lawo?

Kunyumba anasiya kupukuta nsapato. Ankafika, n'kukhala, n'kutsegula mabuku omwe anawaloweza kalekale, kufunafuna pomwe nzeru zawo zathawira.

"Iwe, ukuwatani alamu ako?" atelala anafunsa tsiku lina, atamukokera Mzime kuseri kwa nyumba komwe ankayanika nsalu. "Munthu sakudya. Dzulo abwera jekete ili mbuu kumsana."

"Ndi laimu ameneyo. Amachoka ndi bulashi."

"Usandiyankhe ngati ndine mwana wa sukulu. Unabwera kudzathandiza mwana wanga kapena kudzadya alamu ako?"

"Zonse ziwiri zimalowa m'poto mmodzi, achemwali."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukaswa munthu ameneyu, waswa nyumba yanga. Iwe udzakwera basi, ine ndidzatsala ndikutola mapale."

"Inu mwakhala mukuwanyengerera zaka zingati? Zathandiza? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Asiyeni amve."

Kamphuno anali potero akuchotsa zovala pachingwe. Sanatembenuke.

"Anti," anatero, "mukawapweteka, ine ndiye ndiliona bolodi?"

Mzime anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe." Mawuwo anamveka opepuka ngakhale kwa iye mwini. Komabe m'mawa mwake anasankha choko chosongoka kwambiri.

Zinaphulika tsiku lomaliza la maphunziro. A Sikelo anali kukhoma, okha pa benchi yonse. Dzuwa linali litapendeka, bolodi likuwala ngati chiwaya. Mzime analemba funso loyamba. Anamva benchi ikusuntha kumbuyo, kenaka nsapato zikubwera pang'onopang'ono pakati pa mizere. Zolembera zonse zinaima. Sanatembenuke mpaka nsapatozo zitafika pafupi.

A Sikelo anali ataima pambali pa benchi ya Batire, khosi litatambasuka, maso atafinya, akukopera funso papepala.

Mawu amenewa Mzime anawasunga zaka zonsezi ngati mbewu m'chigubu, ndipo anatuluka osafufuzidwa ndi anankafumbwe.

"Mukupita kuti? Bwererani pamalo panu. Mpando amaugwirira ntchito."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Madamu, ndingokopera funsoli."

"Anzanu akukopera ali pamalo pawo."

"Kumene kuja sikukuoneka."

"Limbikirani."

"Ndikuti sindikuona!" Mawuwo anagunda makabati. "Mukulemba tinthu ngati mapazi a nyerere, bolodi likuwala, simukunena chomwe mukulemba, munthu asanamalize mwafufuta. Ndiye mukuyesa fizikisi kapena mukuyesa maso?"

Mzime anamva kukoma. Akanatha kulekera pomwepo. Sanalekere.

"Sikelo sinama, sala."

Nkhope ya a Sikelo inagwa ngati khoma la dothi pa mvula. Anayang'ana anzawo, koma nkhope zimene ankatha kuziona zinali za pa benchi ya kutsogolo zokha, ndipo zonse zinali za ana awo akale. Anaika pepala pa tebulo, anatenga chipewa, natuluka.

"Funso lija mwalimva," Mzime anauza otsalawo. "Timayesa fizikisi kapena maso? Dzukani nonse, mupite kukhoma."

Anapita, n'kudzipanikiza kumeneko, aphunzitsi a zaka zambiri amene ena mwa iwo anali asanaimepo kumbuyo kwa kalasi yawo. Anayang'ana bolodi.

"Ambuye," anatero Batire. Tsiku limenelo sanawonjezerepo kanthu.

Phunziro linalowa, koma kunyumba kunali moto.

"Upo!" a Sikelo ankazungulira pabalaza. "M'nyumba mwanga momwe! Ndimusunga munthu, ndimupatsa chipinda, iye akundikumbira dzenje pamaso pa ana amene ndinawaphunzitsa kugwira rula!"

"Dzenjelo munakumba nokha, alamu. Ine ndangokuperekezani."

"Khala chete iwe!" atelala anamukalipira mng'ono wawo.

"Ndipo iwe," a Sikelo analoza Kamphuno, "unatuma anti akowa eti? Unati ukasiya fizikisi. Usiye! Phazi lako ndisadzalione m'labu mwanga."

Kamphuno anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

"Simudzaliona, adadi," anatero, n'kulowa kuchipinda.

Atelala anakhala pa makina awo osasoka kanthu. "Wakhuta?" anafunsa Mzime osamuyang'ana. "Nkhonya yobwezera kuwawa, ndi zoona. Koma taona yagwera ndani."

Loweruka masana Mzime anapita kusukulu kukalongedza zida zake. Mtima unali ngati wa munthu amene wadya nyama yonse yekha, kenaka n'kukumbukira kuti panali mlendo. Anapeza chitseko cha labu chili chotsekula.

A Sikelo anali m'katimo okha, malaya atapinda. Analemba mzere pabolodi, anayenda mpaka kukhoma, anatembenuka, anafinya maso. Anabwerera, anafufuta, analembanso, anayendanso. Pansi ponse panali timizere ta choko.

"Musaganize kuti ndikuchitira inu," anatero atamuzindikira. "Ndikufuna nditsimikize kuti munabera. Munkalemba ting'onoting'ono kuposa ine."

"Ndiye mwapeza chiyani?"

Anayang'ana mzere wa dzanja lawo lomwe, ali chiimire kukhoma kuja.

"Choko cha masiku ano n'chachabechabe," anatero.

"N'kutheka."

"Bolodinso likufunika utoto."

"Likufunikadi."

"Ndipo amene anaika windo apo sanali munthu wa sayansi."

Mzime anaika mawaya m'katoni. Anadikira. Panali mawu amodzi okha, opepesa, amene anawayendera ulendo wonsewu, ndipo ankaona ngati ali pafupi, angofunika kuwatsegulira njira.

"Alamu, mukukumbuka pomwe ndinkakhala ine?"

A Sikelo anamuyang'ana moona mtima, chipumi chitakwinyika.

"Inu munali m'kalasi mwanga chaka chiti?"

Mzime anaseka. Sanafune, koma chiseko chinatuluka chokha, chowawa ngati ndulu. Zaka zonsezi iye ankanola mpeni, mwini khosi osadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli mpeni. Koma n'zoona, akanamuona bwanji? Anali kukhoma.

Ananyamula katoni natuluka, akumva nsapato zija zikuyambanso ulendo wa kubolodi.

Mwa dongosolo la maphunzirowo, wotsogolera ankayenera kuonerera phunziro loyamba la mphunzitsi aliyense teremu ikatsegulidwa. Mzime anaika la a Sikelo pa tsiku loyamba lenilenilo, kuti athane nazo akwere basi. M'mawa umenewo Kamphuno anatuluka yekha, osadikira munthu.

Mzime anaima pakhomo la labu. Ana analowa n'kulunjika kumabenchi awo a teremu yatha, aliyense akudziwa mulingo wake.

"Ayi," anatero a Sikelo. "Nonse kukhoma. Ndi zikwama zanu."

Ana anayang'anana. Mnyamata wa benchi ya kutsogolo anagwira benchiyo ngati akumulanda munda.

"Pa tchuthi chino ndakhala ndikuchita kafukufuku," a Sikelo analengeza, manja ali kumbuyo, "ndipo ndatulukira njira yatsopano."

Mzime anatsala pang'ono kumeza lilime. Ndatulukira!

"Ndalemba mzere pabolodi. Aliyense ayende kuchokera kukhomako. Pomwe wayamba kuwerenga bwinobwino, osafinya maso, akhale pomwepo. Wonama adzinamiza yekha. Lamuloli ndi la aliyense."

"Aliyense, sala?" anafunsa wina.

"Ndati aliyense. Yambani."

M'khonde, kumbuyo kwa Mzime, munali munthu ataima ndi mabuku pachifuwa, panjira yopita ku kalasi inayo. Mzime anamumva akupuma. Sanatembenuke, sananene kanthu, chifukwa anali atanena zokwanira mwezi umenewo. Anangosuntha phewa pang'ono. Munthuyo anadutsa, nalowa m'chigulu cha kukhoma.

Anayamba kuyenda. Mnyamata wokhoza uja anawerenga mzere wonse asanasunthe phazi, nakhala pansi pomwepo nkhope ili ngati waferedwa. Ena anakhala chapakati. Koma panali ambiri, ambiri kuposa mmene Mzime mwini ankaganizira, amene anapitirira pakati akuyendabe, ndipo ochuluka mwa iwo anali a misana ya laimu. Mabenchi anadzaza. Pomaliza panatsala munthu mmodzi yekha akuyenda pakati pa mizere.

A Sikelo anafinya maso. Ankangoona yunifolomu.

"Iwe wamtaliwe, usaime. Yenda mpaka uone."

Yunifolomu inayandikira. Inadutsa mabenchi a pakati. Ana anayamba kugwedezana ndi zigongono.

"Ukuonabe ayi? Bwera. Palibe wokuluma."

Inafika pa benchi ya kutsogolo. Apa m'pamene magalasi okhuthala aja anatulukira m'chifunga, ndipo bambo ndi mwana anaonana, aliyense pa mtunda woyamba womwe maso ake analola. A Sikelo anatsegula pakamwa. Kamphuno sanaime. Anawadutsa, anazungulira tebulo la mphunzitsi, anafika pabolodi, nawerenga mzerewo mokweza, liwu ndi liwu, mpaka kumapeto.

Kenaka anayang'ana pokhala. Pamalo pamenepo panali mpando umodzi wokha, wa mikono, wokhala ndi kakhushoni kosokedwa kunyumba. Anaukoka, anakhalapo, anaika chikwama pansi, natsegula kope lake la fizikisi pa tebulo la mphunzitsi.

"Apa ndi pomwe ndaonera, sala."

A Sikelo anayang'ana mpandowo, anayang'ana ana, anayang'ananso chakukhomo komwe ankadziwa kuti kwaima munthu, ngakhale sankamuona. Mzime anapinda manja. Akanapereka chilichonse kuti mphindi imeneyo italike.

"Nanga ine ndikhala pati?" a Sikelo anafunsa chapansipansi.

"Inu bolodi mumalionera chilili, sala."

Chiseko chinayambira kumbuyo, chinathamanga mabenchi onse ngati moto wa m'tchire. A Sikelo anakweza dzanja, chinazima. Anatola choko.

"Sunthira kumanzere pang'ono," anatero. "Ukutchinga anzako."

Kamphuno anakoka mpando, miyendo yake ikulira pasimenti. Bambo ake anatembenukira kubolodi n'kuyamba kulemba mutu wa phunziro, akuutchula mokweza, m'zilembo zikuluzikulu, zokhota, zonyansa ngati za mwana woyamba sukulu. Ndipo anaphunzitsa chilili mpaka belu linalira.